Abwana akudula ya medical aid koma khadi ikukanidwa ku famase

Achisale, Glen Norah:
Moni nonse akuluakulu. Pepani ndalemba usiku, tulo tasowa. Ndimagwira ntchito pa kawekishopu kena ku Willowvale, timawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo. Tilipo anthu 11 kuphatikizapo mtsikana wa mu ofesi. Chaka chatha abwana anatilowetsa pa medical aid, inshulansi ya zachipatala ija, anati theka azipereka iwo, theka ife. Mwezi ndi mwezi pa payslip pamalembedwa kuti adula madola 14. Dzulo mwana wanga wamkazi mphumu inamugwira, tinathamangira naye ku kiliniki, anamuthandiza, n'kutilembera mankhwala oti tikagule. Ndafika ku famase, ndapereka khadi, mtsikana wa pakauntala wayang'ana pa kompyuta n'kundibwezera, akuti akaunti inaimitsidwa. Anthu a pamzere maso onse pa ine. Ndinachita kubwereka kwa alamu anga pa EcoCash, ndalama za pafoni. Lero ndaimbira sosaite yathu ya medical aid, akuti kampani inalipira komaliza mu Febuluwale. Pano Ogasiti wayamba, ndipo kudula sanaphonyepo mwezi ndi umodzi womwe. Ndiye ndifunse, kodi lamulo la kuno ku Zimbabwe limakakamiza bwana kupereka medical aid? Nanga madola 70 anga a miyezi isanu ali kuti?

Sisita Naphiri, Highfield:
Pepani achimwene. Mwanayo ali bwanji kaye? Inhela yapezeka?

Achisale, Glen Norah:
Yapezeka asisita, wagona bwino. Zikomo.

Che Jafali, Mbare:
Madola anuwo ali mu matayala atsopano a Hilux ya abwana. Mukaione mawa, muipatse moni, ndi yanu nonse anthu 11.

Mayi Nangozo, Msasa:
Che Jafali nthabwala pang'ono, munthu wapwetekedwa. Achisale, ine ndimakhala mu ofesi ya malipiro zaka zambiri ndithu, ndiye ndiyankha mafunso anu awiriwo padera chifukwa anthu amawasakaniza, n'kukaluza mlandu woti akanapambana.

Funso loyamba yankho lake silikukomerani. Labour Act ya kuno, Chapter 28:01, sinena paliponse kuti bwana aliyense, wamkulu kapena wamng'ono, azilipirira antchito ake medical aid. Imabwera panjira ziwiri basi: mwina inalembedwa mu kontrakiti yanu, kapena ili mu mgwirizano wa NEC ya ntchito yanu (National Employment Council, bungwe la mabwana ndi antchito a gawo limodzi la ntchito). Bwana amene sanalonjeze ndipo NEC yake sinalamule, simungamutengere kulikonse pa nkhani imeneyi.

Koma funso lachiwiri ndi lina. Ndime 12A ya lamulo lomwelo imatchula zinthu zimene bwana amaloledwa kudula pa malipiro, ndipo medical aid ilimo, pokhapokha inu mutasayina pepala lovomera. Ndalama ikadulidwa choncho si ya kampani, ndi malipiro anu amene mwatuma bwana kuti akakuperekereni. Iye ndi mthenga chabe. Mthenga akadya za m'kalata sitinena kuti bizinesi yavuta. Ndipo theka limene analonjeza kuti azipereka iye, popeza analiyamba n'kumalilemba pa payslip, linasanduka mbali ya mgwirizano wanu wa ntchito. Sangalichotse yekha mwakachetechete.

Ndiye musakalowe mu ofesi n'kunena kuti lamulo likuti mutipatse medical aid. Akakusekani. Mukanene kuti munadula, simunapereke, tionetseni kumene zinapita.

A Mwale, Glen View:
Ndilankhuleko ngati munthu wolemba anzake ntchito, ngakhale ndikudziwa kuti miyala ibwera. Ndili ndi anyamata asanu ndi mmodzi pa Area 8, timapanga masofa ndi mabedi. Zimene achita abwana a Achisale sindikuziikira kumbuyo. Koma ndikudziwa mmene zimayambira. Munthu watenga masofa atatu, akuti ndilipira kumapeto kwa mwezi, mwezi watha foni sakuyankha. Lendi ikudikira, magetsi kulibe ndiye jenereta ikufuna mafuta, anyamata akufuna malipiro pa 30. Umati mwezi uno sosaite idikire, ndibweza mwezi wamawa. Mwezi wamawa ngongole yawirikiza. Ukamazindikira miyezi isanu yadutsa ndipo manyazi akukuletsa kuuza anthu.

N'chifukwa chake ine sindinayerekeze n'komwe kulowetsa anyamata anga. Wina akadwala ndimatulutsa m'thumba zimene ndingathe. Bola kusalonjeza.

Achisale, Glen Norah:
A Mwale, akanatiuza mu Malichi kuti anyamata zavuta, ndasiya kudula, aliyense adzionere, ine sindikanalemba pano. Chikundiwawa n'choti ndinkayenda ndi khadi m'chikwama ndili ndi mtima wokhazikika kuti mwana wanga ndi wotetezeka, pamene ndanyamula pulasitiki wamba.

A Mwale, Glen View:
Apo mwanena zoona achimwene, sinditsutsa.

Dalitso, Dzivarasekwa:
Koma si pali NSSA, bungwe la boma lija loona za chitetezo cha antchito? Ifenso amatidula mwezi uliwonse. Bwanji osapita kumeneko akakubwezereni za mankhwala?

Mayi Nangozo, Msasa:
Ayi Dalitso, NSSA si medical aid, ndipo bodza limeneli mabwana ena amalikonda kwambiri, amati mukufunanso chiyani poti muli pa NSSA. Ku NSSA kuli matumba awiri. Loyamba ndi la penshoni, linayamba mu 1994, wantchito amapereka 4.5 peresenti ndipo bwana amawonjezera 4.5 peresenti. Limeneli limathandiza ukakalamba, ukalumala moti sungagwirenso ntchito, kapena ukamwalira limathandiza otsala ndi maliro. Lachiwiri ndi la ngozi za pantchito, limene akuluakulu akale amalitchabe WCIF. Limenelo amalipira bwana yekha, pa payslip yako sipayenera kuoneka kanthu. Chitsulo chikakudula chala pa wekishopu, kapena utsi wa kuwotcherera ukakuwononga mapapo, ndi thumba limenelo lolipira chipatala ndi chipukuta misozi, ndipo ali ndi malo awo ophunzitsira ovulala kuyambanso moyo ku Bulawayo. Koma malungo ako, shuga, mimba ya mkazi wako, mphumu ya mwana, NSSA sizikuwakhudza.

Ndipo Achisale, poti mwatsegula kale chivundikiro, kafufuzeninso ku NSSA ngati zanu zikufika. Bwana amene wadya za medical aid kawirikawiri za penshoni sanazisiye. Mungotenga chitupa chanu n'kukafunsa pa ofesi yawo m'tauni.

Dalitso, Dzivarasekwa:
Eee, ndaphunzirapo. Ine ndimati ndi chimodzimodzi.

Agogo aPhiri, Mabvuku:
Adzukulu, mdzukulu wanga ndiye akundilembera, maso anatha. Ine ndinabadwira ku Dedza, ndinafika kuno ndili mnyamata, ndagwira ntchito m'fakitale mpaka tsitsi kuyera. Masiku athu kampani yaikulu inali ndi kiliniki yake pageti, namwino ali pomwepo. Ife a kumudzi tinali ndi mabungwe athu a maliro, Lamlungu lililonse loyamba la mwezi kukumana pansi pa mtengo, buku lili poyera, msungichuma akuwerenga ndalama aliyense akuona. Munthu akadya ndalama ya bungwe ankadziwika tsiku lomwelo. Zanuzi za makadi ndalama imayenda mumdima, kuchoka kwa bwana kupita ku kompyuta, mwini wake osaionako. Mu 2008 tinaona anthu amene anapereka zaka makumi awiri akubwezedwa pakhomo la dokotala chifukwa ndalama inasanduka mapepala. Sindikuti musalowe. Ndikuti mwezi uliwonse muzifunsa nokha ku sosaite ngati zafika, musamadikire tsiku lodwala.

Che Jafali, Mbare:
Agogo anena. Ndipo taonani mtundu wathu, pafupifupi aliyense pagulu pano ali ndi polise ya maliro, ena ziwiri, bokosi labwino ndi basi yonyamula anamfedwa zilipo kale. Koma ya chipatala ndi angati? Timakonzekera kufa mwaulemu, kudwala ayi.

Sisita Naphiri, Highfield:
Che Jafali, musawaseke anthu. Polise ya maliro ndi madola ochepa pamwezi ndipo tsiku lake likafika imagwiradi ntchito. Medical aid ndi yodula, komanso ngakhale bwana akulipira mokhulupirika, ukafika kwa dokotala umamva mawu aja akuti shortfall. Sosaite ili ndi mtengo wake umene imalipira pa chithandizo chilichonse, dokotala ali ndi wake, kusiyana kwake ukutulutsa iwe pomwepo. Chibwerereni ndalama ya dziko lino ya ZiG mu Epulo 2024 nkhaniyi ili pawiri: pali mapakeji olipira mu ZiG ndi a madola a ku America, ndipo amene ali pa ya ZiG ndi amene ndimawaona akudandaula kwambiri pakauntala, poti malo ambiri a pulayiveti mitengo yawo amawerengera mu madola. Ndiye mukamakambirana ndi bwana musangomva kuti takulowetsani, funsani kuti pakeji iti, ndalama iti, imafika zipatala ziti, ana alimo kapena ndi inu nokha.

China chimene ndikufuna aliyense pano adziwe. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013, ndime 76, amati munthu asakanizidwe chithandizo chadzidzidzi pa chipatala chilichonse. Mwana akubanika usiku, khadi yagwira kapena sinagwire, pitani naye, kaya ku polyclinic ya khonsolo, kaya ku zipatala zazikulu za boma, ku Gomo kapena ku Parirenyatwa. Bilu idzabwera, inde, koma bilu timakambirana mwana akupuma.

Mayi a Tadala, Epworth:
Usipa wa ku Nkhotakota ndi chambo chouma zafika, komanso mpunga wa kilombero. Ofuna andipeze ku inbox.

Admin, Ambewe:
Mayi a Tadala, malonda ndi Lachisanu, tinagwirizana. Pano pali nkhani ya mwana wodwala. Koma chambo mundisungire ziwiri.

Nabanda, Hatcliffe:
Ndifunseko nanenso. Ine ndimagwira ntchito ya pakhomo ku Borrowdale zaka zisanu ndi ziwiri. Palibe payslip, palibe NSSA, palibe kalikonse. Ndikadwala madamu amandipatsa Panado n'kunena kuti ndipume masana. Ife tili pati pa zonsezi?

Mayi Nangozo, Msasa:
Achemwali, zanu n'zowawa. Antchito apakhomo sanawaike mu penshoni ya NSSA, ndipo medical aid kwa inu ndi chifundo cha madamu basi. Koma ndinu wantchito pamaso pa lamulo, simuli mlendo wongothandiza. Pali bungwe la antchito apakhomo, ZDAWU, ndi amene amadziwa bwino malamulo a gawo lanu. Yambirani kumeneko.

Ndipo poti mwatchula kudwala, nditchule ufulu umene anthu ambiri a m'makampani ang'onoang'ono sadziwa kuti ali nawo, pamene ndi waukulu kuposa khadi. Ndime 14 ya Labour Act imapereka masiku 90 pachaka a tchuthi chodwala pa malipiro athunthu, bola pakhale kalata ya dokotala wovomerezeka. Akatha amenewo, dokotala n'kulemba kuti munthuyu akhoza kuchira n'kubwerera, pali masiku ena 90 pa theka la malipiro. Lamulo silinati kampani ikhale ya anthu angati. Kaya muli atatu pa tuckshop, ndi chimodzimodzi. Amayi oyembekezera ali ndi masiku 98 pa malipiro athunthu, ndipo kusintha kwa lamulo kwa 2023 kunachotsa zija zoti uyambe wagwira chaka chathunthu.

Yerekezani ndi kumudzi. Ku Malawi lamulo la ntchito limapereka masabata anayi pa malipiro athunthu ndi masabata asanu ndi atatu pa theka, ukagwira chaka. Ndiye papepala kuno kuli bwino kwambiri. Vuto ndi loti bwana wa pa msika wa amisiri wa Siyaso ukamuuza za masiku 90 amakuyang'ana ngati walankhula Chitchaina.

A Mwale, Glen View:
Masiku 90 mayi! Mnyamata mmodzi akagona miyezi itatu ndikumulipira, ndiye kuti shedi ndatseka. Malamulowa analembera makampani a ku Workington okhala ndi maloya, osati ife.

Mayi Nangozo, Msasa:
Analembera aliyense wolemba munthu ntchito, a Mwale. Ndipo anyamata anuwo musamawatche aganyu n'kumaganiza kuti mwathawa. Waganyu akagwira kwa inu masabata opitirira asanu ndi limodzi mkati mwa miyezi inayi yotsatizana, lamulo limamuona ngati wolembedwa ntchito yokhazikika. Zili mu ndime 12. Ndime yomweyo imati polemba munthu ntchito umupatse pepala lonena malipiro ake, maola ake, komanso zimene adzalandire akadwala kapena akakhala ndi pakati. Ndi angati pano amene analandira pepala limenelo?

Che Jafali, Mbare:
Ine pepala limene ndinalandira kwa bwana wanga woyamba linali lokulungira chingwa.

A Mwale, Glen View:
Mayi Nangozo mwandiopseza, koma bola kundiopseza inu kusiyana ndi labour officer. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Achisale, Glen Norah:
Ndamva zonse. Koma kunena zoona mantha ndili nawo. Ntchito mu Harare muno mukuidziwa. Abwanawa ndi amene anandiphunzitsa kuwotcherera ndili mnyamata wongonyamula zitsulo, ndipo maliro a bambo anga anapereka galimoto. Ndikakawasumira ndidzaoneka wosayamika, ndipo mwezi wamawa adzapeza chifukwa chondichotsera.

Mlongo Chisomo, Mufakose:
Achimwene, galimoto ya pamaliro inali mphatso, munathokoza, zinatha. Madola 14 pamwezi si mphatso, ndi thukuta lanu. Ine zinandichitikira pa shopu ina ya zida zomangira m'tauni. Ndinazindikira ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi kuti khadi inafa kalekale. Ndinakhala chete chifukwa cha ulemu womwewo, ndipo nditafuna kulowanso pandekha anandiuza kuti ndiyambira pachiyambi, kudikira miyezi ingapo ndisanagwiritse ntchito, ya uchembere ndiye yaitali kuposa mimba imene inatsala. Ndinachira ndi ndalama za mukando, gulu losungitsa ndalama la amayi a kutchalitchi. Chimene ndinataya si ndalama zodulidwa zokha, ndi zaka zitatu zimene ndinali membala. Inu muli ndi mwana wa mphumu. Mukalowa mwatsopano akhoza kuiona ngati nthenda yobwera nayo, n'kukudikiritsani nthawi yaitali. Fulumirani umembala usanafe.

Mayi Nangozo, Msasa:
Chisomo wagunda pamene pali nkhani. Achisale, musayambe ndi kusuma, ndipo musapite nokha. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Mawa panthawi ya nkhomaliro auzeni anzanu khumiwo, aliyense aimbire yekha sosaite amve ndi makutu ake. Pemphani sosaite ikupatseni sitetimenti yoonetsa mwezi womaliza kulipiridwa, ndipo mufunse ngati ngongole ikalipidwa umembala upitirire pomwe unaimira, kapena ngati mungasamutsire dzina lanu pa akaunti yolipira nokha osataya zaka zanu. Sungani mapayslip onse kunyumba, osati mu loka ya kuntchito, muwajambulenso pafoni. Lisiti ya ku famase ya dzulo isatayike, imeneyonso abweze, chifukwa mukanakhala kuti simunadalire khadi yawo mukanadzikonzekera mwina.

Kenaka lembani kalata imodzi yaulemu, nonse musayine, yopempha kukumana. Zimene mugwirizane zilembedwe ndi masiku ake. Akakana kapena akayamba kuopseza, ndiye mupite ku NEC. Inu a zitsulo NEC yanu ndi ya Engineering and Iron and Steel, kuli anthu otchedwa designated agent amene ntchito yawo ndi milandu ngati imeneyi, ndipo sufunika loya kuti ukadandaule. Mukafunsenso komweko zimene mgwirizano wa gawo lanu umanena pa za chipatala, poti magawo amasiyana. Kumene kulibe NEC nkhani imapita kwa labour officer wa unduna wa zantchito. Musagone nayo, madandaulo a zantchito ali ndi malire a zaka ziwiri. Ndipo ngakhale atakuchotsani, ndime 13 imatchula medical aid pa zinthu zimene bwana ayenera kumaliza kulipira munthu akamachoka.

Dalitso, Dzivarasekwa:
Ine ndikanakhala inu ndikanangoti andibwezere ndalama, za medical aid zithe, aziika madola 28 onse pa malipiro. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Sisita Naphiri, Highfield:
Dalitso ulibe mwana iwe. Madola 28 m'thumba pofika pa 10 asanduka ufa ndi minibasi. Tsiku limene munthu akufunika sikani kapena opaleshoni ndi pamene timaona abale akuyendetsa mbale pa WhatsApp, ena kukwera basi usiku kupita ku chipatala cha mishoni cha Karanda ku Mt Darwin kukafuna mtengo wofikirika. Kwa mnyamata wosakwatira mwina zako zikumveka. Kwa Achisale ayi.

Dalitso, Dzivarasekwa:
Koma asisita inu nomwe mwanena za shortfall. Kulipira mwezi uliwonse, ukadwala kulipiranso.

Sisita Naphiri, Highfield:
Ndanena, ndipo sindibweza. Kuwonjezera madola 10 ndi kutulutsa 300 si chimodzimodzi.

Achisale, Glen Norah:
Abale, ndabwera kudzapereka lipoti patha sabata ndi masiku awiri. Tinachita monga ananenera Mayi Nangozo. Asanu ndi atatu anasayina, awiri anakana, mmodzi mwa iwo ndi mphwawo wa abwana ndiye sitinadabwe. Mtsikana wa mu ofesi sanasayine koma ndi amene anatisindikizira mapayslip amene ena anataya.

Abwana poyamba anakwiya, anafunsa kuti wayambitsa ndani. Tinati tonse. Ataona sitetimenti ya sosaite anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati kontrakitala wina wa nyumba ku Ruwa anatenga mageti ambiri osalipira, ndiye anatseka dzenje ndi ndalama zathu. Anapepesa, osati mokweza, koma anapepesa. Sosaite inati ngongole yonse ikalowa mwezi uno usanathe umembala upitirira osayambiranso kudikira. Abwana alipira miyezi itatu Lachiwiri, ndaimbira ndekha ndatsimikiza, iwiri yotsalayo alemba kuti pofika pa 28. Khadi ikadali yotseka mpaka amalize. Za ku famase andibwezera m'manja. Tagwirizananso kuti mwezi uliwonse umboni wa malipiro a sosaite uzimatidwa pakhoma pafupi ndi wotchi yolembetsera.

Ku NSSA ndinapitanso. Kumeneko ndiye kuli dzenje lalikulu kuposa ili, chaka ndi miyezi. Imeneyo sitinaiyambe.

Mayi Nangozo, Msasa:
Ndinanena ine. Malizani ya pa 28 kaye, khadi itseguke, kenaka ya NSSA mubwere nayo pano. Imeneyo njira yake ndi ina, ali ndi mainsipekita awo.

A Mwale, Glen View:
Mayi Nangozo, pepala lija la ndime 12 lolembera munthu ntchito, muli nalo lachitsanzo? Munditumizire ku inbox, anyamata anga awiri ali pagulu pano ndipo kuyambira sabata yatha akundiyang'ana mwachilendo.